Butchala ya kumsika wa Ntcheu yomwe imakuuza ng'ombe yake

M'mabutchala ambiri kuno ukafunsa za nyama amangoti, "Ndi yalero, bwana." Koma pali ina chakuseri kwa msika wa paboma, yomwe mwini wake amakuuza kuti ng'ombe yachokera kuti, yaikazi kapena mfule, ndipo imadya chiyani. N'chifukwa chake ndimagula kumeneko.

Nyama amaipachika pawiri. Mbali ina kumakhala ya ng'ombe zathu zamakolo za linunda, zija alangizi amati Malawi Zebu, zomwe amakapikula kwa alimi a ku Bwanje. Zimenezi zimakula pang'onopang'ono komanso zimayenda mitunda posaka msipu kudambo, ndiye mnofu wake ndi wofiira kwambiri, wolimbirapo, mafuta ake achikasu chifukwa cha udzu wauwisi. Anthu ena akaona chikasucho amaganiza kuti nyama yagona, koma ayi ndithu. Pa msuzi palibe yoiposa, bola muisiye pa mbaula iwire mosathamanga. Mukaiwotcha ngati kanyenya, nsagwada zidzakutopani.

Mbali inayo kumakhala ya mfule zosakanizidwa ndi mtundu wa ng'ombe zakunja wa Brahman, zonenepetsedwa m'khola ndi madeya, mapesi ndi masamba a mtedza. Poti zimafulidwa zili zazing'ono, siziyendayenda, ndipo zimaphedwa zisanakalambe, nyama yake ndi yofewa, mafuta oyererapo. Yowotcha ndi imeneyi. Mtengo ndi wokwererapo, ndipo kunena zoona fungo lake mumphika silifika pa yamakolo ija, ngakhale ana kwathu amaikonda.

Chomwe chinandigwira mtima ndi cha mu Novembala, udzu utauma, ng'ombe zakudambo zitaonda nthiti kuwerengeka. Bamboyo anandiletsa yekha: "Achimwene, iyi musatenge yowotcha, inali ng'ombe yokoka ngolo, yakalamba. Tengani ya msuzi kapena mudikire Loweruka." Bucha wina akadangodula n'kulandira ndalama. Mwini butchalayo amati yamakolo imakoma kwenikweni kuyambira Epulo mpaka Juni, ng'ombe zitadya msipu dzinja lonse n'kulowanso m'minda mokololedwa.

Zodandaulitsa zilipo. Mnyamata wa pasikelo dzanja lake limathamangira mafupa, ndiye muziyang'anitsitsa. Firiji ndi yaing'ono, moti magetsi akazima masana ntchentche zimachuluka. Chidindo cha a vetenale chimakhalapo pa nyama, ndipo mukapempha amakuonetsani osanyinyirika. Chiwindi, nthumbwana ndi mang'ina zimatha isanakwane 9 koloko m'mawa.