Mafuta a piyano a Protek CLP ndi abwino, koma wogulitsayu anandipweteka kaye

Piyano ya kutchalitchi kwathu kuno ku Mchinji imavuta chaka chilichonse mvula ikafika pachimake. Chinyezi chimatupitsa kansalu kofiira kamene kamagwira tizitsulo tomwe nyundo zomenya mawaya a m'kati mwa piyano zimazungulirapo, ndiye ukadina kiyi nyundo imapita bwinobwino koma pobwerera imachita ulesi. Febuluwale wapitayu makiyi 14 mwa 88 anali otero, ambiri apakati pomwe kwaya imadalira.

Ndinaimbira bambo wina wogulitsa zida zoimbira ku Lilongwe, ndinawafotokozera zonse. Iwo akuti: “Achimwene, musavutike, tikutumizirani kachitini, mungopopera basi.” Chomwe chinatsika pa minibasi ndi mafuta aja timapopera maloko ndi tcheni cha njinga! Ine kupusa ndinapopera nyundo zitatu. Sabata yoyamba zinkathamanga, mpaka ndinadzitama kwa abusa. Itakwana yachitatu zinalimba kuposa kale, mafuta atalowerera m'thabwa ndi m'kansalu, fumbi litamatirira. Lamulungu lina kiyi inakanirira pakati pa nyimbo ya chopereka, amayi a kwaya onse kutembenuka kundiyang'ana. Nditawaimbira bambowo anandiyankha kuti mwina ndinapopera ambiri. Ndinadula foni.

Komabe ndisawanamizire, patapita masiku awiri anaimba okha kupepesa. Anati afunsa mmisiri wa mapiyano ndipo aitanitsa Protek CLP kuchokera kunja. Mafutawo anafika patatha masabata asanu ndi limodzi, mtengo wake mukuudziwa kale mmene Kwacha ililimu, koma ndalama ya kachitini kaja anachotsera, n'kuikamonso jakisoni waulere wodonthezera mafutawo.

Kabotoloko n'kakang'ono, musaone kuchepa. Mumatulutsa chimango chonse cha nyundo, n'kudontheza kadontho kamodzi mbali iyi ya kachitsulo, kena mbali inayo, kenako kugwedeza nyundoyo kangapo. Amauma msanga ndipo sasiya zonata. Makiyi 11 anamasuka madzulo omwewo, ndipo mpaka lero ali bwino. Atatu ndinawapopera aja anakana, mmisiri akuti pafunika kusintha kansalu ndi tizitsulo tomwe.

Mafutawa ndingagulenso. Kwa bambowo ndikhoza kubwererako, koma ndizitchula ndekha dzina la chomwe ndikufuna. Ndalama ya mmisiri wobwera kuchokera ku Lilongwe kudzakonza makiyi atatuwo, komiti yanena kuti ituluke m'thumba mwanga.