QEMU: kulemba "q35" kapena "pc-q35-8.2"?

Inu amene mumayendetsa Windows yakale mkati mwa QEMU (pulogalamu yoyendetsa kompyuta yongoyerekeza mkati mwa kompyuta yeniyeni), monga posungira maina a alimi a fodya kuno ku Kasungu, samalani posankha mtundu wa makina, dzina louza QEMU zipangizo zongoyerekeza zoti Windows izione.

Mukalemba "q35" chabe, dzinalo limaloza mtundu watsopano nthawi zonse mukakweza QEMU. Zokonzedwa mumazipeza, inde, koma zipangizo zongoyerekeza zija zimatha kusintha pang'ono, Windows n'kuyesa kuti yasamutsidwira m'kompyuta ina, mwinanso n'kufunsa layisensi.

Mukalemba "pc-q35-8.2" (mtundu wa q35 wa mu QEMU 8.2), Windows imaona zipangizo zomwezo ngakhale QEMU ikwezedwe, ndipo kusamutsa makinawo ali chiyakire kupita pa seva (kompyuta yoyendetsa QEMU) ina sikuvuta. Ine ndimasankha iyi. Kungoti malinga ndi lamulo lomwe linabwera ndi QEMU 9.1, mtundu wotere umachotsedwa ukakwanitsa zaka 6.