Waliwiro wa mipira yakutali kapena wogwira yapafupi: timu ya NFL iike ndalama pa uti?

Mu Malichi 2022, Kansas City Chiefs inatumiza Tyreek Hill ku Miami Dolphins, ndipo otsatira ambiri a NFL, ligi ya mpira wa ku America (American football), anapukusa mitu. Hill anali wide receiver, wolandira mipira yoponyedwa, amene otchinga ankamuopa kwambiri chifukwa cha liwiro. Miami inapereka mwayi wake 5 wosankhira osewera atsopano pa draft, n'kumusainitsa kontirakiti ya zaka 4 ya madola 120 miliyoni. Zimene zinachitikira matimu awiriwa pambuyo pake n'zimene timakanganirana mpaka lero: kodi munthu wothamangira kutali amakonzadi timu, kapena amangokometsa zoonetsa pa TV?

Kwa amene angoyamba kuonera: timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi 4 woti isunthe mayadi 10, ikakwanitsa imapatsidwa wina 4. Ndiye pali olandira mpira a mitundu iwiri. Wina amathamanga molunjika kumapeto kwa bwalo kukadikira mpira woponyedwa mayadi 30 kapena 40. Wina amazembera pakati pa otchinga, n'kugwira wa mayadi 6 kapena 8, kugwetsedwa, kudzuka, kubwerezanso.

Phindu la waliwiro silikhala pa mipira imene wagwira yokha. Kumbuyo kwenikweni kwa otchinga kumakhala osewera awiri otchedwa safety. Timu ikakhala yopanda munthu woopsa, mmodzi wa iwo amasendera kutsogolo kukatseka njira ya othamanga ndi mpira, ndipo malo amachepa. Ikakhala naye, onse awiri amakhalira kumbuyo poopa kupitiriridwa, ndiye pakati pa bwalo pamatseguka. Amene timaonera mpira wa miyendo tikuzidziwa: sitiraika waliwiro amachititsa madifenda kuopa kusendera pakati, ngakhale tsiku limene sanaugunde mpira n'komwe. Kumeneku si kuopa kwatsopano. Dallas Cowboys inalemba Bob Hayes, yemwe anapambana golide pa mamita 100 ku Olympics ya ku Tokyo mu 1964, ndipo makochi anayamba kugawana malo potchinga chifukwa munthu mmodzi sankatha kumuthamangitsa.

Umboni wamphamvu wa okonda liwiro ndi Randy Moss. Atafika ku Minnesota Vikings mu 1998 anagwira ma touchdown (mipira yofikitsidwa kumapeto kwa bwalo n'kupezera mapointi) 17 m'chaka chake choyamba, timuyo n'kupambana masewero 15 mwa 16. Mu 2007 New England Patriots inamutenga ku Oakland Raiders motchipa kwambiri, ndi mwayi umodzi wa mu raundi yachinayi ya draft. Tom Brady, quarterback (woponya mpira) wa Patriots, amene chaka cham'mbuyo anaponya ma touchdown 24, anaponya 50, ndipo 23 mwa amenewo anagwira Moss. Koma taonani dzina lina la m'timu yomweyo: Wes Welker, wamfupi wa mipira yapafupi, anagwira mipira 112 chaka chimenecho. Moss ankakokera otchinga awiri kutali, Welker n'kumadyerera pamalo amene atsala. Popanda Welker, malo aja akanangotseguka opanda wowagwiritsa ntchito.

Patriots ija inapambana masewero onse 16, koma pa Super Bowl, masewero omaliza olimbirana chikho, inagonja kwa New York Giants, 17 kwa 14. Giants sinamuthamangitse Moss. Inathamangitsa Brady. Mpira wakutali umafuna kuti quarterback aime nawo kanthawi podikira kuti munthu wake afike, ndipo anyamata akuluakulu a kutsogolo akalephera kumuteteza, liwiro lonse lija limathera m'malere. Brady anagwetsedwa ka 5 usiku umenewo.

Za Hill n'zimodzimodzi, mwinanso zoonekera bwino kuposa. Mu Novembala 2020, Tampa Bay Buccaneers inayesa kumupatsa wotchinga mmodzi, ndipo Hill anapeza mayadi 269, oposa 200 mwa amenewo m'kota yoyamba yokha. Matimu omwewo anakumananso pa Super Bowl mu Febuluwale 2021. Ulendo uno Tampa Bay inaimika ma safety onse awiri kutali, oteteza Patrick Mahomes, quarterback wa Chiefs, anali ovulala, ndipo Chiefs inagonja 31 kwa 9 osapeza touchdown ngakhale imodzi. Matimu ena anaona, n'kutengera. Kuyambira pamenepo uthenga kwa Mahomes unali wakuti: yakutali iwale, ngati uli woleza mtima tola yapafupi kakhumi motsatizana osalakwitsa.

Ine ndimaona kuti a Chiefs anawerenga bwino nyengo. Popanda Hill, mu 2022 Mahomes anaponya mayadi 5,250 ndi ma touchdown 41, n'kusankhidwa kukhala MVP, wosewera wopambana onse chaka chimenecho. Mtima wa timuyo unali Travis Kelce, amene amasewera malo a tight end, wosathamanga kwenikweni koma wodziwa kuima pamene palibe munthu. Anagwira mipira 110. A Chiefs anatenga chikho pogonjetsa Philadelphia Eagles 38 kwa 35, chaka chotsatira anachitenganso pogonjetsa San Francisco 49ers 25 kwa 22.

Nanga Miami inaluza? Pa zosangalatsa maso, ayi ndithu. Hill anapeza mayadi 1,710 mu 2022 ndi 1,799 mu 2023, Tua Tagovailoa anasanduka quarterback wina, ndipo mu Seputembala 2023 anathira Denver Broncos mapointi 70. Kunena kuti Hill sanasinthe timuyo kungakhale kunama. Koma pa masewero a ndime yochotsana, zaka ziwiri zonsezo anatuluka pa khomo loyamba. Mu Januwale 2024 amene anawatulutsa ndi Chiefs yomweyo, 26 kwa 7, kukuzizira koopsa ku Kansas City. Touchdown yokhayo ya Miami anagwira ndi Hill, ya mayadi 53. Nthawi yonse yotsala ya masewerowo, timuyo inalephera kusuntha pang'onopang'ono.

Ndisawapondereze okonda liwiro. Chikho choyamba cha Mahomes, mu Febuluwale 2020, chinatembenukira pa mpira umodzi: Chiefs ikutsalira 20 kwa 10, ikufunika mayadi 15 pa mwayi wachitatu, Mahomes anaponyera Hill wa mayadi 44. Wogwira mipira yapafupi sakanawapulumutsa pamenepo. Nthawi ikatha ndipo mukutsalira, pamafunika munthu wotha kudya theka la bwalo kamodzi.

Chimene chimasokoneza mkanganowu n'chakuti anthu amasakaniza liwiro ndi luso. Moss ndi Hill ankathamanga, inde, koma ankadziwanso kutsata mpira uli m'mwamba, kudziphatika pa wotchinga n'kumusiya, komanso kugwira. Liwiro lokha lapusitsa matimu ambiri. Raiders, mwini wake ali Al Davis, inasankha Darrius Heyward-Bey pa nambala 7 mu 2009, ndipo anagwira mipira 9 yokha chaka chake choyamba. Mu 2017 John Ross anathamanga mayadi 40 m'masekondi 4.22, Cincinnati Bengals n'kumusankha pa nambala 9. Kuvulala kunamutsata, sanafike patali. Pa nambala 10 chaka chomwecho anasankhidwa Mahomes.

Pali njira yachitatu imene ine ndingasankhe ndikanakhala ndi thumba la timu, popeza ligi imaika malire a ndalama zolipira osewera. Mantha a otchinga amagulika motchipa. Hill atachoka, Chiefs inatenga Marquez Valdes-Scantling, amene ankagwetsa mipira ina mokwiyitsa, koma wotchinga sakanamusiya yekha. Ndi iye amene anagwira wa mayadi 32 umene unatseka masewero ndi Baltimore Ravens mu Januwale 2024. Ndalama zotsalazo zimapita kwa otchinga, kwa oteteza quarterback ndi kwa munthu wodalirika wa pakati pa bwalo. Ndalama za Hill n'zoyenera pokhapokha munthuyo ali ngati Hill weniweni, ndipo otere sabwera chaka chilichonse.

Chiefs nayo sinasiye kufuna liwiro. Mu 2024 inasankha Xavier Worthy, amene anathamanga mayadi 40 m'masekondi 4.21, pa malipiro ochepa a wosewera watsopano. Pa Super Bowl ya mu Febuluwale 2025 Worthy anapeza mayadi 157 ndi ma touchdown 2, koma yoyambayo inabwera Eagles ikutsogola kale 34 kwa 0. Mahomes anagwetsedwa ka 6, ndipo Chiefs inagonja 40 kwa 22.