Denga la galimoto likakana kutsika: multimeter kapena sikana?

Mercedes SLK R170, ija idapangidwa kuyambira 1996 mpaka 2004, ili ndi denga lachitsulo lomwe limadzipinda lokha n'kulowa m'buti m'masekondi pafupifupi 25. Chimalikankha ndi pampu ya mafuta yomwe ili m'buti momwemo, koma pampuyo siliza popanda chilolezo cha kompyuta, ndipo kompyutayo imayamba yafunsa timaswichi tomwe tili m'maloko a denga ndi a buti. Kamodzi kakanama, zonse zimaima chilili. Ndiye mukadina batani denga osagwedera, kanyali kofiira kakungophethira, mugwire chida chiti?

Multimeter, kachida koyezera magetsi, ndi yotchipa ndipo sinamiza munthu pa nkhani ya mphamvu. Batire yabwino injini ili chozima imaonetsa 12.6V kapena kufupi pamenepo. Ikatsikira ku 12.0V yafooka, ndipo pampu ya denga imadya moto wambiri moti batire yotere imatha kulisiya pakati panjira. Kuchoka apo mumayeza fyuzi, relay ya pampu (kaswichi ka magetsi komwe kamayatsa pampu), kenako pulagi ya pampu yeniyeniyo mnzanu atadina batani. Magetsi akamafika koma mota ya pampu ili duu, mlandu watha, wolakwa ndi mota kapena waya wake wa earth, wobwezera magetsi ku bodi ya galimoto. Eni BMW Z4 E85, galimoto ina ya denga lodzipinda, amaidziwa bwino nkhaniyi: mota yawo imakhala m'kabokosi kumunsi, kuseri kwa mpando wa kumanzere, ndipo timipata totulutsa madzi tikatsekeka ndi masamba, motayo imamira mpaka kuchita dzimbiri. N'chifukwa chake ambiri amaisamutsira m'buti. Apa sikana, chida chowerenga kompyuta ya galimoto, n'kungotaya ndalama.

Multimeter imatopetsa ikafika pa timaswichi. Kuti mufike pa kalikonse muyenera kusupula makapeti ndi mapulasitiki a zaka zoposa 20, ndipo timakilipi take timathyoka ngati mabisiketi. Choipitsitsa n'chakuti waya wothyokera m'kati mwa khungu lake, makamaka pa hinji pomwe amapindika tsiku ndi tsiku, amaoneka wamoyo denga likakhala lotseka n'kumaduka likangoyamba kuyenda. Mungayeze tsiku lonse n'kumati zonse zili bwino.

Apa ndi pomwe sikana imaposa. Imakuonetsani pa sikirini zomwe kompyuta ikumva kuchokera ku swichi iliyonse, yotseka kapena yotsegula, inu muli phee pampando. Mukayendetsa denga pang'onopang'ono mumaona nokha kaswichi komwe sikakusintha, n'kumasula malo amodzi okha. Koma ikhale sikana yolankhula ndi kompyuta ya denga, monga Star Diagnosis ya Mercedes kapena ina yopangidwira mtundu wa galimoto yanuyo. Tija totchipa ta ELM327 tolumikiza ku foni timawerenga za injini basi, za denga sitidziwa kanthu.

Njira yachitatu ndi ya makaniko wongoganizira, ndipo imeneyi ndidalawako. Denga la SLK yanga litakana kutsika, makaniko wa ku galaja ina adangomvetsera kamodzi n'kunena kuti, “Bwana, pampu yapita iyi, tiitanitse ku Joni.” Kufika kunyumba ndidatsegula buti n'kupeza kachinsalu kophimba katundu katachoka pa ngowe zake, chikwama chidakakankha. SLK silola denga kutsika kachinsaluko kasanakokedwe, poopa kuti lingaphwanye katundu. Nditakakoleka, denga lidatsika bwinobwino. Z4 nayo ili ndi kaswichi kofanana ndi kameneka pa shelefu ya m'buti.

Ine ndimayamba ndi khutu. Pampu ikamalira koma denga osasuntha, zida ziwirizi zisiyeni kaye, onani mafuta ndi masilinda odontha. Ikakhala chete, multimeter ipite pa batire, fyuzi ndi relay, ntchito ya mphindi zochepa. Zonsezo zikapezeka zamoyo, sindimasula ngakhale sikulu imodzi ndisanabwereke sikana. Koma za kulumphitsa waya kuchoka ku batire kupita ku pampu, chonde ayi: pampu sidziwa ngati maloko atseguka, imangokankha, ndipo chopindika chimakhala chitsulo cha denga.