Mawu a nyimbo pa intaneti: ochokera kwa omvera kapena kwa eni nyimbo?

Munthu amene akufuna kukhazikitsa tsamba la pa intaneti la mawu a nyimbo za Chichewa ayenera kusankha msanga kumene mawuwo azichokera. Njira yoyamba ndi yolola aliyense kutumiza mawu amene wamva, monga mmene tsamba la Genius linayambira mu 2009 ku America. Tsamba lotere limakula mofulumira ndipo silidya ndalama zambiri, koma khutu la womvera limaphonya, makamaka pamene woimba wasakaniza Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao m'ndime imodzi, kapena waponyamo mwambi umene wachinyamata wokulira m'tauni sanaumvepo. Cholakwika chimodzi chikangolowa, masamba ena amachikopera mpaka anthu amayamba kuchitenga ngati choona.

Njira yachiwiri ndi yotenga mawu kwa eni nyimbo ndi chilolezo chawo, monga imachitira kampani ya LyricFind ya ku Canada, imene Google inagwirizana nayo mu 2016. Njirayi imachedwa, ndipo imafuna kukambirana ndi oimba komanso bungwe la COSOMA, limene lakhala likuteteza umwini wa ntchito zaluso m'Malawi kuyambira mu 1992. Ine ndimaikonda njira imeneyi chifukwa mawu a nyimbo ndi thukuta la wopeka, ndipo dzina lake liyenera kuonekera pamwamba pa nyimbo iliyonse.

Komabe owerenga apatsidwe mpata wonena pamene aona cholakwika, ndipo tsambalo likhale lopepuka, lopanda zotsatsa malonda zophimba mawu, popeza ambiri adzalitsegula pa foni ali ndi bandulo yochepa.