Tayala la khoma lalitali kapena lalifupi: lofewa pamsewu ndi liti?

Galimoto imodzimodziyo itha kuvala matayala a 205/55 R16 kapena 225/40 R18, ndipo kukula kwa gudumu lonse kumangosiyana ndi mamilimita pafupifupi 5. Koma msana wanu ndi umene udzadziwe kusiyana kwake.

Nambala yoyamba ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita, yomaliza (R16 kapena R18) ndi kukula kwa limu, chitsulo chimene amavekapo tayala, m'mainchesi. Nambala yapakatiyo (55 kapena 40) imanena kutalika kwa khoma la m'mbali mwa tayala poyerekeza ndi m'lifupi mwake. Pa 205/55 khomalo ndi mamilimita pafupifupi 113, pomwe pa 225/40 ndi 90 basi. Khoma lalitali limafwamphuka likagunda dzenje, n'kumeza kugwedezako kusanafike pampando. Lalifupi ndi louma gwa. Kamwala kalikonse mumakamva m'chiwongolero, ndipo dzenje lakuya litha kupinda limu kapena kutupitsa tayala m'mbali ngati chithupsa.

Sikuti la R18 ndi lachabechabe ayi. Pokhota mothamanga limamvera chiwongolero msanga, ndipo maonekedwe ake amakopa maso, kunena zoona. Koma wofuna ulendo wofewa atenge la R16, nthawi zambiri ndi lotchipirapo.

Popopa, tsatani muyeso wolembedwa pamphuthu ya chitseko cha dalaivala. Mpweya ukachuluka, ngakhale la khoma lalitali limadumphadumpha.