Fiziyo wa ku Chilenje amene anandithandiza ntchafu

Ndalemba izi chifukwa cha anzanga amene timamenya mpira wa madala Lamlungu, ambiri tikavulala timangopaka mafuta otentha aja nkumati zipola zokha. Ine ndinavulala mwezi wa Juni, ndimathamangira bola kuwingi kenako ndinangomva ngati munthu wandigenda ndi mwala kumbuyo kwa ntchafu ya kumanja, ndinacheuka kufuna kuona amene wandimenya koma panalibe munthu. Kufika kunyumba amayi a ana anandithowa ndi madzi otentha, mlamu wanga nayenso anatikita mwamphamvu, mawa lake mwendo unatupa ndipo patatha masiku atatu panatuluka chibanga chakuda mpaka chakubondo.

Ndiye mnzanga wina anandilozera kakiliniki ka fiziyo, aja amathandiza ovulala minofu ndi zolimbitsa thupi, kufupi ndi msika wa Chilenje. Malo ndi ochepa, mabedi awiri basi otchinga ndi makatani, koma paukhondo palibe chonena. Choipa chake ndi kudikira, tsiku loyamba anandiuza 9 koloko koma ndinalowa itadutsa 10, ndipo pa benchi yolimba ija munthu wovulala kumbuyo kwa ntchafu sukhala bwino olo pang'ono. Ndinawauza ndithu kuti agule mipando yofewa.

Koma mayi amene anandiona uja ntchito amaidziwa. Sanathamangire makina ayi, anayamba kandifunsa momwe zinachitikira, nkundigoneka chafufumimba, akusindikiza ndi chala pang'onopang'ono mpaka anapeza penipeni popweteka. Kenako anatenga chithunzi cha mwendo pakhoma nkuyamba kundiphunzitsa. Akuti kumbuyo kwa ntchafu kuli minofu itatu, onse pamodzi amati hamstring, imayambira pa fupa lija timakhalira m'matako nkutsika mpaka kudutsa bondo, iwiri imapita mkati, umodzi kunja. Wakunjawo dzina lake biceps femoris ndipo ndi umene umakonda kung'ambika munthu ukamathamanga liwiro, makamaka nthawi imene mwendo watambasuka kutsogolo phazi lisanaponde pansi, poti mnofu umakhala ukukokeka komanso ukugwira buleki nthawi imodzi. Ndi umenewo unang'ambika kwa ine, osati wonse koma mbali yake. Kutsogolo kuli inayi, quadriceps, imene imakumana pa kambale ka bondo ndipo ndi imene imawongola mwendo tikamamenya shoti, mkati mwa ntchafu muli ina yokokera miyendo pamodzi. Ine zaka zonsezi ndimangoti ntchafu ndi nyama imodzi basi.

Pa nkhani yothowa ija anandiuza mosabisa. Anati "bambo, masiku awiri kapena atatu oyamba mnofu ukang'ambika mkatimo mumakhala mukutuluka magazi, ndiye madzi otentha ndi kutikita zimangoonjezera kutupa." Chofunika chinali ayezi wokulunga pa kansalu kwa mphindi 15 kapena 20, kumanga bandeji ndi kupumitsa mwendo. Sanandinyoze kapena kunena zoipa za akunyumba, anangoti ambiri amatero chifukwa ndi zomwe tinakulira, ndipo zimenezo zinandikhazika mtima pansi.

China chomwe ndinakonda, anandifunsa ngati ndikumva dzanzi kapena ululu wotsika mpaka kuphazi, chifukwa pansi pa minofu imeneyi pamadutsa mtsempha waukulu wa sciatic wochokera kumsana, ndiye ena amabwera akuti ndi hamstring pomwe vuto lili kumsana. Anayesa zonsezo asanayambe chithandizo.

Ndinapitako kasanu ndi kamodzi. Zambiri zinali zolimbitsa thupi zochita ndekha kunyumba, poyamba kungogona chagada nkumakweza chiuno, kenako kukoka lamba wa labala ndi chidendene, kumapeto ndi ija amati Nordic, umagwada wina nkukugwira akakolo iwe nkumagwera kutsogolo pang'onopang'ono. Imeneyo ndi yowawa abale, koma mwendo unayamba kumva mphamvu. Sabata yachitatu ululu unatha ndipo ndimafuna kubwerera m'bwalo, iwo anakana, akuti kusiya kupweteka sikutanthauza kuti mnofu walimba ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amang'ambanso malo omwewo. Anandiyesa mphamvu ya miyendo yonse iwiri, wakumanja unali wofookabe, ndinadzionera ndekha.

Ndalama si zochepa kwa munthu wa malipiro ngati anga, ndipo salola ngongole, umalipira tsiku lomwelo kaya keshi kaya pa foni. Koma sanandiumirize kubwera tsiku lililonse kuti adye zambiri, ndi iwo omwe anati kamodzi pa sabata ndi zokwanira bola ndizichita zomwe andipatsa. Mukamapita valani kabudula ndipo pemphani nthawi ya m'mawa kwambiri anthu asanachuluke. Ine ndinabwerera m'bwalo patatha masabata 7, ndinasewera mphindi 30 zokha monga anandiuzira, ndipo Nordic ija ndikuchitabe kawiri pa sabata, mwana wanga wamkulu ndi amene amandigwira miyendo.